Chitsononkho cha a Saidi pa Mponela

Kulemba ndinaphunzira mochedwa, kusukulu ya kwacha, imvi zitayamba kale, choncho ndimalemba pang'onopang'ono ndipo sindilemba zilizonse. Koma ulendo wa Lachisanu lija, wochoka kwathu ku Mvera kupita kumapiri a ku Ntchisi, ndati ndiulembe ndekha, chifukwa akabaza a pa Mponela akuufotokoza kale mokometsera, ndipo m'nkhani yawoyo ndine chitsiru kuposa mmene ndinalili.

Chimene chinandiyendetsa ndi thumba. Chaka cha njala ija, chimanga chinkagulitsidwa pamsika wa boma, munthu aliyense ndowa imodzi. Pamzere sitinkaima ndi miyendo tsiku lonse. Tinkayala matumba athu pansi motsatana, mwala pamwamba, ife n'kukakhala pamthunzi. Thumba ndilo linali munthu. Mnzanga a Jailosi, amene tinakulira limodzi, anali patsogolo panga malo anayi. Dzuwa litafika pamutu anati, "A Lufeyo, ndikatunge madzi timwe, muziona thumba langa." Atapita ndinasuzumira m'shedi, ndinaona chimanga chimene chinatsala, ndinawerenga mzere. Anthu anali akusinza ndi njala. Ndinanyamula thumba la mnzanga n'kuliika kumbuyo kwa langa. Chimanga chinathera pa ine. A Jailosi atandifunsa mmene thumba lawo linasunthira, ndinati ndinagona tulo. Ndinawatapirako kambale kamodzi, ndipo anandithokoza. Kuthokoza kumeneko ndiko kwakhala kukundilasa. Patapita milungu iwiri anasamuka ndi banja lawo kupita kwawo kwa akazi awo, kumapiri a ku Ntchisi, ndipo sanabwererenso.

Ndiye patapita zaka zambiri uthenga unabwera wakuti a Jailosi maso awavuta, akazi awo anamwalira, ndipo mwana wawo akudzawatenga kuti akakhale nawo ku Karonga. Lole yonyamula katundu inyamuka Lachisanu 3 koloko masana. Ku Karonga ine sindingafikeko, ndipo nkhani yotere siyonena pa foni. Ndinaimbira mwana wanga Esinati, amene ndi namwino ku Lilongwe. Ndinangomuuza kuti ndikufuna kukatsanzika mnzanga. Za thumba sindinamuuze.

Esinati ali ndi kagalimoto kamagetsi, kakale ndithu, kogula kwa munthu wina. Petulo sikamwa. Kamatchajidwa ngati foni, ndipo kutsogolo kwa dalaivala kuli nambala yonena mphamvu yotsala, kuchokera pa 100 kutsika. Anafika Lachinayi n'kukalumikiza kunyumba kwa aphunzitsi oyandikana nafe, kumene kuli magetsi. Magetsiwo, monga mwa khalidwe lake, anazima. M'mawa nambala inali pa 55.

"Tifika nayo?" ndinafunsa.

"Tifika penapake, Ababa. Kwerani."

Tinanyamuka cha m'ma 8. Chodabwitsa cha kagalimotoka n'chakuti sikalira. Umangoona mitengo ikuyenda. Mbuzi za m'njira zinazolowera kuthawa phokoso, ndiye zinkangogona pamsewu n'kumatiyang'ana mpaka Esinati aimbe hutala. Pa Chezi tinaimitsidwa ndi mayi Nankhoma a kumpingo kwathu, ali ndi matumba awiri a mbatata, akupita ku Dowa. Esinati anandinong'oneza kuti katundu amadya mphamvu. Ndinati munthu wa mpingo umodzi sapitiriridwa, ukamupitirira Lamulungu udzakhala benchi iti? Anakwera. Tisanafike patali anayamba kugwira mpando wanga.

"Mwana wanga, injini yazimatu iyi. Tikungotsetsereka!"

"Ilibe injini yolira, amayi."

"Nanga tikukwera phiri bwanji? A Lufeyo, mwana wanuyu amapemphera?"

Potsika anafunsa mtengo. Esinati atakana ndalama, anatisiyira phava la nthochi, n'kuzungulira galimoto yonse kufuna poturukira utsi. Sanapapeze, ndipo anachoka akupukusa mutu.

Zitunda za ku Dowa ndi mbatata zija zinatidyera mphamvu yambiri. Potsetsereka nambala inkabwerera pang'ono, imodzi kapena ziwiri, ndipo ine ndinati kagalimotoka kamabzikula ngati ng'ombe. Esinati anaseka, koma maso ake sankachoka pa nambala. Anali atamva kuti pa Dzaleka pali potchajira, choncho tinakhotera kumsika. Panalidi, denga lonse masola okhaokha, koma panali pa njinga zamoto zamagetsi basi. Mwini wake, bambo wamtali wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chiswahili, anayesa nthambo zake zonse pakamwa pa galimoto yathu, imodziimodzi, ngati munthu woyesa makiyi pachitseko cha eni. Palibe inalowa. Anatipepesa, anatiuza kuti nthambo ya magalimoto ili pa Mponela, kuseri kwa golosale ina, ndipo anatilozera kwa mlongo wake wogulitsa chapati. Pamenepo panatha ola lathunthu, koma chapaticho sindidandaula nacho.

Kuchoka apo Esinati anazimitsa wailesi ndi mphepo yoziziritsa, n'kumayendetsa ngati wanyamula mazira. Mathiraki ankatipitirira akutiimbira hutala. Tinalowa pa Mponela 12 koloko itangokwana, nambala ili pa 9.

Malowo ndi kampanda kakang'ono kokhala ndi denga la malata. Mbali ina kuli mabowo otchajira njinga zamagetsi, ndipo akabaza anali atakhala pansi pa mtengo akusewera bawo podikira mabatire awo. Mbali inayo kuli nthambo imodzi yonenepa ya magalimoto. Imodzi yokha. Inali yolumikizidwa ku vani yoyera, mwini wake kulibe. Pakhoma panali chikwangwani, ndipo ndinachiwerenga mokweza, popeza ndimakonda kuti anthu aziona kuti ndimatha: musaimike galimoto pamalo ano ngati simukutchaja, ikafika pa 80 ndipo pali mzere, patsani mnzanu, nthambo ya mnzanu musazule.

"Mzere uli pati?" Esinati anafunsa akabaza aja.

Mmodzi wa jekete lofiira analoza pansi osadzutsa mutu pa bawo. Pafupi ndi khoma panali chigubu chachikasu. "Icho ndi a Mbewe, alangizi a zaulimi, apita kukadya. Inu ikani chanu kumbuyo kwake."

Esinati anaika ambulera yake. Ine nditaona chigubu ndi ambulera zitandondozana pansi, ndinakumbukira mzere wa matumba uja.

Mayi woyang'anira malowo anali atapita kukagula chakudya. Esinati anati akagule shuga ndi bulangete zoti tikapatse a Jailosi, ine ndiziona ambulera. Ndinakhala pang'ono, kenaka miyendo inafuna kuwongoka, ndipo ndinayamba kuzungulira vani ija. Pagalasi lakutsogolo, pansi pa waipa, kaja kamapukuta mvula, wina anali atapanikizapo chitsononkho. Ndinati ana a masiku ano alibe mwambo, adya chimanga n'kutayira pagalimoto ya eni. Ndinachichotsa, ndinachiponya kuseri kwa mpanda kumene kunali mbuzi, ndinatulutsa mpango wanga n'kupukuta galasi lonse mpaka kuwala. Ndinabwerera pabenchi ndikudzimva kuti ndine munthu wabwino.

Posakhalitsa anafika mayi woyang'anira, Nachisale, mbale ili m'manja. Anafikanso a Mbewe, bambo wonenepa wa chipewa chotambalala, akutokosa m'mano. Nyale ya pamakina inali itasanduka yobiriwira, kusonyeza kuti vani yakhuta. A Mbewe anapita molunjika pagalasi, anayang'ana, anayang'ananso mbali inayo.

"Nachisale, a Saidi lero atani? Palibetu chitsononkho apa."

"Aa, zoona? Lachisanu lililonse amasiya. Onaninso bwino."

"Palibe. Galasi lokha ndiye latsukidwa ngati akupita ku ukwati."

Esinati, amene anali atangobwera ndi bulangete, anafunsa kuti chitsononkho n'chachiyani. Nachisale anafotokoza kuti ndi mwambo wa pamalopo, wosalembedwa pakhoma. Munthu akamachoka n'kusiya galimoto ikutchaja, akapanikiza chitsononkho pa waipa ndiye kuti wanena kuti, ikakhuta zulani, musandidikire. Popanda chitsononkho, nthambo sikhudzidwa mpaka mwini abwere. A Saidi ali ndi sitolo ya nsalu, ndipo anali ku mzikiti ku mapemphero a Lachisanu, foni atazimitsa.

Ndinamva zonsezo ndili pabenchi. Ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinayang'ana mpango umene unali utatulukira m'thumba la jekete, n'kuukankhira m'kati. Mumtima ndinati, palibe anandiona, ndipo a Saidi abwera posachedwa, nanga ndinenerenji? Mphindi khumi zinadutsa. Makumi awiri. A Mbewe ankayenda uku ndi uku, akunena kuti alimi akuwadikira kwa Dzoole. Esinati ankayang'ana wotchi. Kenaka wa jekete lofiira uja anaponya mawu ali pa bawo.

"Anthu akalemera amatero. A Saidi agula vani yachiwiri, ndiye ife tasanduka nkhuku."

"Ndimawalemekezatu ine bambo amene aja," anatero a Mbewe, "koma lero andionetsa mtima wawo."

Apo ndiye ndinalephera kukhala. Munthu ali kopemphera, ndipo dzina lake likudyedwa chifukwa cha dzanja langa. Ndinaimirira.

"Pepani nonse. Chitsononkho chinalipo. Ndachotsa ndine. Ndimayesa ndi zinyalala."

Kenaka akabaza anaphulika kuseka mpaka mmodzi anagubuduza bawo.

"Madala atsuka chilolezo!"

"Agogo, mukadzafika kwathu musadzasese pakhomo, mungatitayire ana!"

Esinati anaphimba nkhope ndi bulangete. Ine ndinathamangira kuseri kwa mpanda, koma mbuzi inali itatafuna kale theka. Ndinapita kwa mayi wootcha chimanga pamsewu, ndinapempha chitsononkho china, n'kubwera nacho kuti ndibwezeretse. Nachisale anandiimitsa ndi dzanja.

"Ayi, agogo. Chitsononkho amaika ndi mwini galimoto. Ndikukukhulupirirani, koma ndikalola lero, mawa aliyense azibwera ndi chake m'thumba. Wina anachitapo zimenezo, anaika chitsononkho pagalimoto ya mnzake n'kuzula isanakhute, mnzakeyo anakaima panjira ali ndi wodwala. Kuyambira pamenepo ndinalumbira."

A Mbewe anayesa kutsutsa, koma mayiyo anangopitiriza kudya. Ndinaona kuti mlandu ndi wanga, ndiye miyendo ikhalenso yanga. Ndinati ndipita ku mzikiti. Wa jekete lofiira anaimirira n'kunena kuti andinyamula ulere, chifukwa nkhani yotere safuna kuimva kwa ena.

Aka kanali koyamba kukwera njinga yamagetsi. Nayonso silira, koma imanyamuka ngati yalumidwa ndi mavu. Pa mzikiti ndinaima panja pafupi ndi nsapato, chipewa chili m'manja, ndikudikira kuti anthu amalize kupemphera. Nsapatozo ndinazitalikira ndithu, kuopa kuti ndingakonzenso kanthu. Atatuluka, wakabaza anandilozera bambo wamfupi wa ndevu zoyera ndi mkanjo wotuwa. Ndinawapatsa moni, ndinafotokoza zonse, osasiya ndi za mbuzi zomwe. A Saidi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuyamba kuseka mpaka kugwira phewa langa.

"Achikulire, ndiye mwabwera mpaka kuno kudzadziulula nokha? Tiyeni, tiyeni, anthu asavutike."

Atafika anazula nthambo ndi dzanja lawo, anasuntha vani, n'kuima kuyang'ana galasi. "Chigulireni silinayerepo chonchi. Nachisale, bambo awa muwalembe ntchito." A Mbewe anavula chipewa n'kuwauza pamaso kuti anawanena zoipa iwo kulibe, ndipo anapepesa. A Saidi anati palibe kanthu, anaitana mayi wa chimanga uja n'kugulira aliyense chimodzi. "Idyani, aliyense apeze chitsononkho chake."

Koma nthawi inali itadutsa hafu pasiti wani. A Mbewe ndiwo anali otsatira, ndipo galimoto yawo inkafuna mphindi makumi anayi. Esinati anayesa kuimbira mwana wa a Jailosi, koma kumapiri kuja foni siigwira. Anawerengera pa zala, n'kundiuza motsitsa mawu kuti lole sitiipeza. Ikangofika pa boma la Ntchisi ikhotera msewu wa ku Malomo, ife tikadali kumbuyo.

"Tidzawaimbira akafika ku Karonga, Ababa."

A Mbewe anali atagwira kale nthambo. Anandiona mmene ndinakhalira, chimanga chili m'manja osachiluma.

"Kodi achikulire, kumene mukuthamangirako kuli maliro?"

Sindikudziwa chimene chinamasula lilime langa. Kapena poti linali litamasuka kale kamodzi tsiku lomwelo. Ndinawauza za thumba, za madzi amene mnzanga anapita kukatunga, za kambale kamodzi kaja. Ndinanena pamaso pa akabaza, pa Nachisale, pa a Saidi, ndi pa mwana wanga amene sanamvepo. Palibe anaseka. A Mbewe anapachika nthambo pamalo pake, anawerama, ananyamula chigubu chawo chachikasu n'kuchiika kumbuyo kwa ambulera.

"Ndasuntha ndekha, mwaona nonse," anatero. "Alimi anga amadziwa kuti mlangizi safika pa nthawi. Mayi, lumikizani. Koma achikulire asayandikire galimoto yanga ndi mpango."

Kuseka kunabwerera. Esinati analumikiza, ndipo tonse tinaima mozungulira makina kuyang'ana nambala ikukwera ngati anthu oonerera mpira. Akabaza ankawerenga mokweza. Itafika pa 60 Esinati anazula, ngakhale lamulo linkamulola kufika pa 80. Anati yotifikitsa ndi kutibweza yakwana, yotsalayo ndi nthawi ya a Mbewe. Anapereka nthambo m'manja mwawo ndi manja awiri. Nachisale anandipatsa chitsononkho chouma bwino kuti tizisunga m'galimoto, n'kundiuza kuti ichi sichotaya.

Msewu wa ku Ntchisi tinauyenda mwakachetechete, ndipo nthawi ino sichinali chifukwa cha galimoto. Titadutsa minda ya fodya yambiri, Esinati analankhula maso ali kutsogolo.

"Ndowa imeneyo ndi ija tinkadya phala kamodzi patsiku?"

"Ndi yomweyo."

"Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndimakumbukira."

Atatero anaponda moto kwambiri, osasamalanso za nambala.

Pa boma tinadutsa 3 koloko itapitirira pang'ono. Tinasiya tala n'kuyamba kukwera msewu wafumbi. Pakamlatho kena kopapatiza tinakumana ndi lole ikutsika, pamwamba pali matiresi, mtondo ndi khola la nkhunda. Esinati anaimika galimoto pakati penipeni pa msewu. Dalaivala anatulutsa mutu kuti atukwane, koma ine ndinali nditatsika kale. Kumpando wakutsogolo kunali nkhalamba yowonda ya maso otuwa, ndodo ili pakati pa miyendo.

"A Jailosi, ndine Lufeyo wa ku Mvera."

"A Lufeyo! Mwatulukira kuti? Sindinamve galimoto."

"Ndi yamagetsi, silira."

Anatulutsa dzanja pawindo, ndinaligwira. Ndinaopa kuti ndikayamba ndi moni wautali mtima ubwerera m'mbuyo.

"A Jailosi, thumba lanu lija, chaka cha njala. Sindinagone tulo. Ndinasuntha ndine."

Dzanja lawo silinachoke m'dzanja langa, koma linauma. Mwana wawo anatsika kumbuyo kwa lole kudzaona, Esinati anamukokera pambali.

"Inu?" anatero a Jailosi. "Ine zaka zonsezi ndimati ndi a Bonongwe. Ndiwo anali kumbuyo kwanga penipeni. Ndinawanena pamaso pa anthu kuti ndi mbala, akazi awo ali pomwepo. A Bonongwe atamwalira uthenga unandipeza, koma pamaliro sindinapite."

Zimenezi sindinkazidziwa. Tsiku lija ndinathawa msanga ndi ndowa yanga, ndipo a Bonongwe anali a mudzi wa kutsidya, sitinkachezerana. Ndinafuna kugwada pafumbi pomwepo, koma anandikoka dzanja.

"Imani, mawondo amenewo akuthyokerani. Mwayenda mtunda wonsewu ndi galimoto yozemba ngati mwini wake." Anaseka pang'ono, misozi ikutsika. "Kukhululuka ndikukhululukirani, a Lufeyo, njala inatipenga tonse. Koma pamzere wa opepesedwa sindine woyamba. Mayi a kwa Bonongwe alipo?"

"Alipo. Akalamba, koma alipo."

"Mukawauze zimene mwandiuzazi. Mukawauzenso kuti Jailosi ananama, ndipo akuchita manyazi. Ine maso ndilibe, miyendo ndilibe. Munyamule zonse ziwiri, zanu ndi zanga."

Dalaivala anaimba hutala. Esinati anakweza bulangete ndi shuga pawindo, anabweza galimoto m'mbuyo kuti lole idutse. A Jailosi sanasiye dzanja langa mpaka matayala atayamba kuyenda.

Tinagona pa boma, ndipo Loweruka tinabwerera kudzera pa Mponela pomwe, kumene akabaza anandilandira ndi m'manja. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi sindinapite kunyumba. Ndinawoloka dambo, ndinafunsa njira kawiri, ndinapeza nyumba ya njerwa zosawotcha, pakhonde pali mayi wokalamba akusankha nyemba. Ndinavula chipewa.

"Odi, amayi. Ndine Lufeyo. Ndabwera ndi mawu a anthu awiri, ndipo ndiyamba ndi anga."